Vinyo Wokhwimira Pansi pa Nthaka: Mbiri ya Mbiya za ku Kakheti

Kum'mawa kwa dziko la Georgia, m'chigwa cha mtsinje wa Alazani chimene mapiri a Caucasus anachitchinga kumpoto, kuli chigawo chotchedwa Kakheti. Georgia ameneyu ndi dziko laling'ono la anthu osafika 4 miliyoni, lochita malire ndi Russia, Turkey, Armenia ndi Azerbaijan, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphesa zake zimachokera ku Kakheti. Mukafika pakhomo pa mlimi wa kumeneko n'kupempha kuti muone vinyo wake, amakulowetsani m'kanyumba kozizira kotchedwa marani. Mulibe migolo, mulibe mashelefu. Chimene mumaona ndi miyala yaphanthiphanthi yoyalidwa pansi, ina itaunjikiridwa mchenga. Kunsi kwa mwala uliwonse kuli kukamwa kwa mbiya yaikulu ya dongo, yokwiriridwa mpaka m'khosi. Eni ake amaitcha qvevri. Zilipo zazing'ono za malita ochepa, zilipo zolowa malita 1,000 kapena 2,000, ndipo zina zakale n'zazikulu kuposa pamenepo, moti munthu wamkulu amaimiriramo osaoneka mutu.

Vinyo woyera wotuluka m'mbiya zimenezi sayera ayi. M'madera ambiri, wopanga vinyo woyera amafinya mphesa n'kutaya makoko msangamsanga, kuti madzi okhawo ndiwo awire. Ku Kakheti amathira zonse pamodzi: madzi, makoko, njere, nthawi zambiri ndi timitengo tomwe ta phava la mphesa ngati takhwima bwino. Zimakhalira limodzi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Vinyo wake amatuluka wachikasu chodera, wa fungo la zipatso zouma ndi mtedza, ndipo ali ndi khambi logwira lilime limene anthu amaliyembekezera mwa vinyo wofiira yekha. Amene anazolowera vinyo woyera wa m'sitolo akalawa koyamba amaganiza kuti wawonongeka.

Ntchito yake imayamba mu Seputembala n'kulowa mu Okutobala, nyengo yokolola imene amaitcha rtveli. Ana ndi adzukulu amene anapita kukakhala ku Tbilisi, likulu la dzikolo, amabwerera kumudzi, chifukwa mphesa zikapsa sizidikira munthu. Mtundu wofala kwambiri ndi Rkatsiteli, ndipo pambali pake pali Mtsvane, Kisi ndi Khikhvi. Kale mphesazo ankazithira m'chibwato chachitali chosemedwa ku thunthu limodzi la mtengo kapena chomangidwa ndi miyala, chotchedwa satsnakheli, amuna n'kuzipondaponda ndi mapazi, madzi ake n'kumayenderera m'ngalande mpaka m'mbiya. Phazi lili ndi ubwino wake: limaphwanya chipatso koma siliswa njere, zimene zikasweka zimawawitsa vinyo. Lero mabanja ambiri ali ndi kamakina kopukusa ndi manja, koma zotsatira zake n'zomwezija. Mbiya saidzaza thothotho, chifukwa zikayamba kuwira zimafufuma. Yisiti wogula sathiramo. Amene ali pa makoko ndi m'marani momwemo ndi wokwanira.

Milungu iwiri kapena itatu yoyamba ndiyo yosagonetsa tulo. Mpweya wotuluka m'kuwirako umakankhira makoko pamwamba, n'kupanga chikhakha cholimba chimene chikauma chimayamba kusasa. Mwini vinyo amatenga ndodo yaitali ya mphanda kumapeto n'kumachimiza, kangapo usana, mwinanso pakati pa usiku. Nthaka yozungulira mbiyayo imayamwa kutentha, motero vinyo sapsa mtima ngati mmene akanachitira m'chidebe chokhala pamtunda. Kuwira kukatha, amadzaza mbiya, kuikapo chivundikiro cha mwala kapena cha thabwa, kumata ndi dongo lonyowa, n'kukwirira ndi mchenga. Nyengo yonse yachisanu palibe amene amaikhudza. M'katimo maonekedwe a mbiyayo ndiwo amagwira ntchito: popeza ndi yosongoka kunsi, njere zimayamba kumira n'kukadzaza pansongapo, nsenga ndi makoko n'kuziphimba, vinyo n'kutsala pamwamba ali mbee, popanda sefa. Mu Malichi kapena Epulo amatsegula, n'kutunga ndi chikho chomangirira ku ndodo, chotchedwa orshimo, kuthira m'mbiya ina yotsuka. Zotsalira pansi amazitcheza n'kupeza mowa waukali wotchedwa chacha. Kumadzulo kwa dzikolo, ku Imereti, mbiya yomweyo amaitcha churi, ndipo amathiramo makoko ochepa chabe, timitengo ayi, choncho vinyo wawo ndi wopepukirapo.

Anthu a ku Georgia amanyadira kuti akhala akupanga vinyo zaka 8,000, ndipo pali umboni wogwirika. Mu 2017 gulu la akatswiri, mmodzi mwa iwo Patrick McGovern wa ku yunivesite ya Pennsylvania, linalengeza zimene linapeza pa mapale ofukulidwa ku Gadachrili Gora ndi Shulaveris Gora, midzi iwiri yakalekale yomwe ili makilomita pafupifupi 50 kumwera kwa Tbilisi. M'dongo la mapalewo munali asidi wa mtundu umene umapezeka wochuluka mu mphesa, ndipo mapalewo ndi a zaka za pakati pa 6000 ndi 5800 Khristu asanabadwe. Izi zinaposa umboni wa ku Hajji Firuz Tepe m'dziko la Iran, umene mpaka nthawiyo unkatengedwa kuti ndiwo wakale koposa. Mitsuko ina ya nthawi imeneyo inkatha kulowa malita 300. Komabe tisathamangire kunena kuti mlimi wa lero akuchita ndendende zimene ankachita munthu wa ku Shulaveri. Mbiya inasintha kukula ndi kaumbidwe m'kupita kwa mibadwo. Chimene sichinaduke ndi ubale wa zinthu zitatu: mpesa, dongo ndi banja lokhala pafupi nazo.

Chikhristu chitafika m'zaka za m'ma 300, chinapeza mpesa uli kale pakati pa moyo wa anthu, ndipo chinaulandira. Mbiri ya mpingo wawo imati Nino, mayi wochokera ku Cappadocia amene anatembenuza mfumu Mirian, ananyamula mtanda wa nthambi za mpesa womangidwa ndi tsitsi lake lomwe. Mtanda umene amaulemekeza kuti ndi womwewo umasungidwa m'tchalitchi cha Sioni ku Tbilisi, ndipo manda a Nino ali ku Bodbe, mu Kakheti momwemo. Nyumba za amonke zinasanduka malo osungira luso la vinyo. Ku Alaverdi amonke amawerengera marani awo kuyambira chaka cha 1011. Ku Ikalto, kumene kunali sukulu yaikulu m'zaka za m'ma 1100, mabwinja ake akadali ndi moponderamo mphesa ndi mbiya zambiri. Ngakhale pakhomo pa munthu wamba pankakhala mbiya imodzi yopatulika, ya vinyo wotchedwa zedashe, amene sankamwedwa mwachisawawa koma ankasungidwira tsiku la woyera mtima wa banjalo ndi zopereka za kutchalitchi.

Dziko lokhala pamphambano ya maufumu akuluakulu silipuma. Pakati pa 1614 ndi 1617 Shah Abbas, mfumu ya ku Persia (Iran wa lero), anasakaza Kakheti, kutentha Ikalto, kuwononga minda ndi kusamutsira anthu oposa 100,000 ku Iran, kumene zidzukulu zawo ku Fereydan zikulankhulabe chinenero cha makolo awo mpaka lero. Otsala anadzalanso. Apa mbiya yokwiriridwa inali ndi mwayi umene mgolo ulibe: nyumba ikapsa, iyo imatsala.

Chiopsezo chachikulu sichinabwere ndi lupanga. Chinabwera ndi ulemu. Russia italanda ufumu wa Kartli-Kakheti mu 1801, mabanja achifumu a ku Georgia anayamba kuyang'ana ku St Petersburg ndi ku Paris. Alexander Chavchavadze, mlakatuli komanso mkulu wa asilikali amene anakhala ndi moyo kuyambira 1786 mpaka 1846, anabweretsa pa munda wake wa ku Tsinandali njira za ku Ulaya: kuchotsa makoko, kusunga m'migolo ya matabwa, kutsekera m'mabotolo. Vinyo wake anali wabwino, ndipo dzina la Tsinandali likadali lotchuka pa vinyo woyera wa mtundu umenewo. Koma kuchokera pamenepo panabadwa maganizo akuti pali vinyo wa anthu ophunzira, ndiye pali vinyo wa kumudzi. Mbiya inagwera mbali yachiwiriyo. Mundawo womwe sunakhalitse m'manja mwa banjalo: mu 1854 ankhondo a Imam Shamil, mtsogoleri wa anthu a m'mapiri a Caucasus, anaukira Tsinandali n'kugwira akazi ndi ana a pabanjapo, ngongole zinakula, ndipo m'zaka za m'ma 1880 malowo anapita m'manja mwa banja lachifumu la Russia. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 komweko kachilombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kamene kamadya mizu ya mpesa, kanafikanso ku Georgia monga kanachitira ku France, ndipo alimi anakakamizika kulumikiza mipesa yawo pa mizu ya mipesa ya ku America. Mitundu ina imene inalibe woilumikiza inathera pomwepo.

Mu Febuluwale 1921 asilikali a Soviet analowa mu Tbilisi. Minda inalandidwa n'kuphatikizidwa kukhala ya boma, ndipo kuyambira 1929 ntchito ya vinyo inali m'manja mwa bungwe limodzi lotchedwa Samtrest. Dziko lalikulu la Soviet Union linkafuna vinyo wa ku Georgia wochuluka, wofanana chaka ndi chaka, makamaka wofiira wotsekemera ngati Kindzmarauli ndi Khvanchkara. Mlimi ankayamikiridwa pa matani, osati pa kukoma. Mwa mitundu ya mphesa yoposa 500 imene dzikolo limawerenga kuti ndi yake, minda ya boma inasankhapo yochepa yobereka kwambiri ndi yopirira, makamaka Rkatsiteli ndi Saperavi. Kisi ndi Khikhvi, zimene zimabereka pang'ono koma vinyo wake ndi wonunkhira, zinatsala pang'ono kutheratu. Boma silinaletse mbiya, ndipo mafakitale ena anasungako zingapo, koma thanki ya simenti kapena yachitsulo ndiyo inkagwirizana ndi mapulani a zaka zisanu. Mbiya imafuna munthu woidziwa payokhapayokha, ndipo fakitale ilibe nthawi imeneyo.

Kodi tsono lusoli linapulumuka bwanji zaka 70 zimenezo? Yankho lili kuseri kwa nyumba. Banja lililonse la kumudzi linkaloledwa kukhala ndi kadimba kake, ndipo pa kadimbako anthu anasunga mipesa imene agogo awo anadzala, ina yokwera m'mitengo, ina yoyanga pakhonde. Masana munthu ankathyola mphesa za boma, madzulo n'kumasamala zake. Sankachita zimenezi pofuna kuteteza chikhalidwe. Ankazichita chifukwa ku Georgia palibe mwambo umene ungachitike popanda vinyo. Phwando lawo, lotchedwa supra, limatsogoleredwa ndi tamada, munthu wosankhidwa kuti azinena mawu asanamwe anthu: a mtendere, a makolo, a omwalira, a ana. Ukwati umafuna malita mazanamazana, maliro chimodzimodzi, ndipo amene amamwedwa kwambiri pa magome amenewa ku Kakheti ndi woyera wa m'mbiya yemweyu, chifukwa amayenda bwino ndi nyama yowotcha, tchizi ndi ndiwo za mtedza, ndipo munthu angathe kukhala naye maola ambiri. Mwamuna woika vinyo wogula pamaso pa alendo ake ankachita manyazi. Ine ndikuona kuti manyazi amenewo ndiwo anasunga mbiya kuposa mfumu, bishopu kapena nduna iliyonse.

Zaka zomaliza za Soviet Union ndi zoyamba za ufulu zinali zowawa. Mu 1985 Mikhail Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, anayambitsa nkhondo yolimbana ndi uchidakwa, ndipo minda yambiri ya mpesa inazulidwa. Ufulu wa 1991 unatsatiridwa ndi nkhondo yapachiweniweni, kuzima kwa magetsi ndi kugwa kwa mafakitale. Minda ya boma inagawidwa m'tizidutswa, ndipo malo olimidwa mpesa anachepa ndi kupitirira theka. Vinyo amene ankatumizidwabe kunja pafupifupi yense ankapita ku Russia, ndipo wambiri anali wachinyengo, wosakaniza ndi shuga ndi utoto, mwina osapangidwa n'komwe ku Georgia. Mu Malichi 2006, ubale wa maboma awiriwo utaipa, mkulu wa zaumoyo ku Russia, Gennady Onishchenko, analetsa vinyo wa ku Georgia ponena kuti ndi wosayenera kumwedwa. Chiletsocho chinakhala mpaka 2013. Alimi a ku Kakheti anasowa kogulitsa mphesa, ena anadula mipesa n'kudzala mavwende ndi mapichesi.

Koma msika umodzi utatsekeka, anthu anayamba kudzifunsa chimene angagulitse ku mayiko amene ali kale ndi vinyo wawo. Wotsanzira wa ku France, Mfalansa sangamugule. Chimene mayiko ambiri analibe chinali chomwe chija ankachinyoza kuti n'cha kumudzi. Zizindikiro zinali zitaoneka kale. Josko Gravner, mlimi wotchuka wa ku Oslavia kumpoto chakum'mawa kwa Italy, anapita ku Georgia mu 2000, nagula mbiya, n'kuyamba kuwiritsiramo mphesa zake zoyera za Ribolla Gialla kuyambira zokolola za 2001. Anthu a vinyo ku Ulaya, amene sakanamvera mlimi wa ku Kakheti, anamvera Gravner. N'zomvetsa chisoni kuti zinafunika mlendo kuti eni ake akhulupiriridwe, koma ndi mmene zinayendera.

M'dzikomo, anthu ochepa anayamba kuthira vinyo wa pakhomo m'mabotolo n'kulembapo maina awo. Iago Bitarishvili wa m'mudzi wa Chardakhi ku Kartli, amene ali ndi munda wa mahekitala pafupifupi 2 a mphesa zoyera za Chinuri, ndi mmodzi mwa oyambirira. Ku Imereti kunali Ramaz Nikoladze. Mu 2007 mlimi Gela Patalishvili ndi John Wurdeman, wojambula zithunzi wa ku America, anayambitsa kampani ya vinyo yotchedwa Pheasant's Tears pafupi ndi Sighnaghi. Amonke a ku Alaverdi anakonzanso marani awo. Ku Jighaura, kufupi ndi Saguramo, kuli munda wosungirako mitundu ya mphesa za m'dzikomo yoposa 400, yambiri mwa iyo yotoledwa m'makomo mwa anthu, ndipo alimi amakatengako mbewu. Mu Disembala 2013, pa msonkhano wa ku Baku, UNESCO inalemba njira yopangira vinyo m'mbiya pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mu 2020 bungwe loona za mpesa ndi vinyo padziko lonse la OIV linavomereza vinyo woyera wowiritsidwa ndi makoko kukhala gulu lakelake. Lero mabanja mazana angapo amagulitsa vinyo wa m'mbiya, ambiri mabotolo zikwi zochepa pachaka, ku Japan, America, Britain, Germany ndi kwina.

Sindikufuna kukometsera zinthu. Si vinyo yense wa pakhomo amene ali wabwino. Pali ena amene akatunga woyamba amathira madzi ndi shuga pa makoko otsala n'kupanga wachiwiri, n'kumugulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu ngati weniweni. Palinso wonunkha, wosasa, amene ena kunja amamugulitsa ponena kuti umo ndi mmene vinyo wachilengedwe amakomera. Gwero la zolakwika zambiri ndi limodzi, ndipo mayi aliyense wofulula masese kwathu kuno amalidziwa: mbiya yosatsuka bwino imawononga mowa. Kutsuka qvevri ndi ntchito yolemetsa kuposa ina iliyonse m'marani. Munthu amatsika ndi makwerero kudzera pakamwa pongokwana mapewa. Asanatsike amayamba watsitsamo kandulo, chifukwa mpweya wotsalira m'kuwira umakhazikika pansi ndipo umapha mwakachetechete. Kandulo ikazima, salowamo. M'katimo amakhula khoma lonse ndi chokhulira chopangidwa ndi makungwa a mtengo wa cherry opanikizidwa pamodzi, kuthira madzi a laimu kapena a phulusa, kukapa, kuthiranso, kukapanso. Mbiya ilibe kabowo kotulutsira madzi kunsi, choncho dontho lililonse limatuluka ndi dzanja. Amasiya pokhapokha madzi otuluka atayera ndipo alibe fungo. Mbiya yaikulu imodzi imatha kudya tsiku lathunthu. Amene amagula mbiya chifukwa yatchuka, koma osakonzeka kulowamo, vinyo wake amamuulula chaka chachiwiri.

Ndiye pali woumba. Midzi yodziwika ndi ntchitoyi ndi yowerengeka: Vardisubani ku Kakheti, Shrosha, Makatubani ndi Tkemlovana ku Imereti, Atsana ku Guria. Mabanja amene akuumbabe mbiya zikuluzikulu ndi ochepa kwambiri, ndipo luso lake limachoka kwa bambo kupita kwa mwana, popanda buku. Saumbira pa gudumu. Amayamba ndi kansonga ka pansi, n'kumasanjikiza mikombero ya dongo ndi manja, masentimita ochepa lero, kenaka n'kudikira masiku angapo kuti palimbe asanawonjezere. Akafulumira, khoma limagwa ndi kulemera kwake. Akachedwa, dongo latsopano silimata pa lakale ndipo pamadzatsala mng'alu umene udzaoneke vinyo ali kale m'kati. Amaumba zingapo nthawi imodzi m'chipinda chotseka, kuopa mphepo ndi dzuwa, ndipo mbiya ya malita 1,000 kapena kuposa imatenga miyezi iwiri kapena itatu. Ikauma, amuna angapo amainyamulira mu uvuni wa njerwa, kutseka khomo ndi njerwa zina, n'kusonkhezera nkhuni usana ndi usiku pafupifupi mlungu wathunthu, moto n'kufika madigiri oyandikira 1,000. Ikadali yofunda amaipaka phula la njuchi m'kati, loti lingotseka timabowo tikulutikulu ta dongo. Kunja ambiri amaimata laimu asanaikwirire, ena simenti, ndipo opanga vinyo amatsutsana kwambiri za simentiyo, ena akuti imalimbitsa, ena akuti imalekanitsa mbiya ndi nthaka.

Ntchito yonseyi imatheka m'miyezi yofunda yokha, kotero woumba mmodzi amatulutsa mbiya zowerengeka pachaka. Pamene ogula achuluka, a m'dzikomo ndi a ku Italy, France, Slovenia mpaka America, wofuna mbiya kwa mmisiri wodziwika amalembetsa n'kudikira. Kudikirako kwatsegulira mpata ena oumba mothamanga, ndi dongo losasankha ndi moto wosakwana, ndipo mbiya zotero zimachucha kapena kupatsa vinyo fungo la dothi. N'chifukwa chake mabanja ambiri a ku Kakheti, akafuna kukulitsa marani, amayamba afunsa m'midzi yoyandikana ngati pali bwinja la nyumba lomwe lili ndi mbiya zakale. Akazipeza amazifukula mosamala, kuzisonkhera moto m'kati kuti phula lakale lisungunuke, kuzipakanso latsopano, n'kukazikwirira kwawo.